Galu Wosatopa wa a Kochi

"Mugwireni! Bambo, mugwireni, watenga mkono wa diresi!"

Mayi telala anakuwa mapini ali kukamwa, moti ena anagwera pansi. Kagalu kanali katadutsa kale kunsi kwa tebulo nsalu yobiriwira ili lendelende pakamwa. Kanazungulira sofa, kanadumpha dengu la ulusi n'kulowa kukhitchini, kumene kunamveka chivundikiro cha poto chikugubuduzika pasimenti. Kasitomala, mayi wathupi lake amene anabwera kudzayesa diresi lokavala paukwati wa mwana wake, anali chiriri pamwamba pa mpando wapulasitiki akuitana Mulungu wake, uku miyendo ya mpandowo ikutangadza pang'onopang'ono.

A Kochi anatuluka kuchipinda wezulo ili m'khosi. Anaiika pakamwa n'kuiliza mwamphamvu.

"Liwiro! Ima pomwepo!"

Koma abale, kwa Liwiro wezulo inkatanthauza kuti masewera ayamba. Anatuluka kukhitchini ngati wachita kuponyedwa, anadutsa pakati pa miyendo ya mbuye wake, ulendo wa panja. A Kochi anamutsatira. Anazungulira nyumba yonse, wina patsogolo wina pambuyo, mpaka galuyo anataya yekha nsaluyo pafupi ndi mpopi chifukwa anali ataona gulugufe.

Mkono wa diresi unabwerera m'nyumba uli chinyezi, ndi mabowo a mano kuyambira paphewa mpaka kumpendero.

"Mayi, mukanandiuza kuti masiku ano mukusoka mothandizana ndi agalu," anatero kasitomala akuvula diresi lake la mkono umodzi. "Ndibweranso mnzanuyo akadzasamuka."

Mayi telala anamuperekeza mpaka pageti, anapepesa ndi manja awiri, kenako anabwerera m'nyumba akuyenda pang'onopang'ono. Aliyense wowadziwa akanathawa.

A Kochi anaphunzitsa masewera pasukulu ya sekondale moyo wawo wonse wa ntchito. Dzina lawo lenileni ngakhale akazi awo anali atasiya kulitchula. Atapuma pantchito anasowa pogwira. Ankadzukabe m'mamawa, kuvala zamasewera, kumanga nsapato, kenako n'kungokhala pasofa kumayang'ana akazi awo akusoka. Posakhalitsa anayamba kuwaphunzitsa. "Wongolani msana, mayi." "Mukuponda ndi phazi limodzi, linalo lifooka." "Pumani ndi mphuno." Tsiku lina mayi telala anaimbira foni mwana wawo wamkazi, namwino wogwira ntchito m'tauni ina, n'kumuuza kuti adzatenge abambo ake asanawasokerere pasofapo.

Mwanayo ndi amene anabwera ndi nzeru ya galu. Paja nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Anawatengera makolo ake kumalo osungira agalu osowa eni ake. Kunali agalu ofatsa kumeneko. Kunali wina wofiirira, wachikulire, amene ankangoyang'ana anthu ndi maso achisoni, ndipo mayi telala anamuloza. Koma a Kochi anali ataima kale pakhola lakumapeto, kumene kagalu kakuda ka chifuwa choyera kankadumpha mpaka pamwamba pa waya, kugwa, n'kudumphanso.

"Taonani miyendo iyo!" anatero a Kochi. "Uyu ali ndi tsogolo."

"Ameneyo ganizani kaye, bambo," anatero mayi wosamalira agalu. "Tinamutola m'ngalande maso asanatsegule. Anthu amutenga kawiri, ndipo kawiri konse amubweza. Akabweranso ndiye basi. Galu akakulira m'khola anthu amangomudutsa, amafuna tating'ono. Adzakalambira muno."

"Mayi, ine ndawongola anyamata osutira fodya kuseri kwa chimbudzi. Kagalu n'chiyani?"

Kagalu n'chiyani! Pasanathe sabata kanali katadya tepi yoyezera, nsapato imodzi ya kutchalitchi, ngodya ya khushoni ndi sopo watsopano. Kankakoka zovala pachingwe. Kankakumba maluwa n'kubweretsa mizu m'nyumba ngati mphatso. Munthu akagogoda pachitseko kankamulandira ndi mapazi amatope pachifuwa. A Kochi anakatcha Liwiro. Akazi awo ankakatcha Chiwanda, ndipo kankayankha maina onse awiri mokondwa chimodzimodzi.

Tsiku la diresi limenelo mayi telala anayala mkono wobookawo patebulo pamaso pa amuna awo.

"Ndimvereni bwino, bambo, chifukwa sindibwereza. Makina awa ndi amene akutidyetsa m'nyumba muno. Makasitomala anga ayamba kuimira kunja kwa geti ngati muno muli matenda. Mwezi uno ukamatha galu uyu akhale atasintha. Apo ayi, abwerera kumene anachokera."

"Munamva zimene ananena mayi wosamalira agalu uja. Akabwerera sadzatulukanso."

"Ndinamva. Inunso munamva, koma munasankha miyendo."

A Kochi anakanda pachibwano. "Vuto lake ndalidziwa. Mphamvu zamuchulukira. Mwana wovuta m'kalasi mankhwala ake ndi bwalo. Ndimutopetsa ameneyu, muona. Azingofika n'kugona."

"Ndikudziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo," anatero mayi telala akudula mkono wina pansalu yotsala.

M'mawa mwake ntchito inayamba. A Kochi ankadziwa njira imodzi yokha yothamangitsira chamoyo, ndipo ndi imene anaigwiritsa. Anayamba ndi kamtunda kakafupi. Masiku angapo atapita anawonjezera pang'ono. Kenako anawonjezera chitunda cha kuseri kwa msika. Ankapuma pakati kuti galu amwe madzi, ankayamba modekha n'kumalizira mothamanga kwambiri, ndipo pobwera ankamusisita miyendo. Chakudyanso anawonjezera, ati thupi logwira ntchito silikhala ndi njala.

Pofika kunyumba Liwiro ankangoti khu pakhonde, lilime panja.

"Mwaona?" ankatero a Kochi akuloza ndi chibwano. "Sayansi imeneyo."

Tiyi wawo asanazizire, Liwiro ankakhala atadzuka, atadzinyolola, ndipo ali kale m'dengu la ulusi.

"Ndiye kuti sanatope bwino," ankatero a Kochi. "Mawa tiwonjezera."

Anawonjezeradi. Miyendo yawo itayamba kukana anatsitsa njinga yakale imene inkapachikidwa m'stolo, anaipopa, n'kumamanga chingwe cha galu kuchiwongolero. Pabwalo la mpira anayamba kumudumphitsa mabenchi a anthu oonera, ati kudumpha kumatopetsa msanga kuposa kuthamanga. Poyamba benchi limodzi, kenako awiri osanjikiza.

Anthu a mumsewu wawo anapeza choonera chaulere. Wometa wa pakona ankatuluka ndi makina m'manja, kusiya munthu mutu uli theka.

"A Kochi! Kodi akuthamangitsa mnzake ndani pamenepa?"

"Meta anthu iwe, izi n'zaukatswiri!"

"Mukapambana mendulo azivala ndani, inu kapena iyeyo?"

A Kochi ankangodutsa, mpweya utawathera. Koma kunena zoona, anali asanakondwe chotere chipumireni pantchito. Nkhope inawala. Anasiya kuwerengera akazi awo kapumidwe. M'mawa akangokhudza nsapato, Liwiro ankalira pakhomo, thupi lonse likugwedezeka, ndipo bamboyo ankamulankhula ngati munthu: "Dekha, mnyamata wanga, lero tili ndi chitunda."

Kagalu kaja kanasanduka chigalu cha chifuwa chotakata ndi ntchafu zolimba ngati mwala. M'nyumba zinthu zinafika poipa. Kale ankaba za pansi zokha. Tsopano ankafika patebulo popanda kukwera mpando. Mayi telala anayamba kuika nsalu za makasitomala pamwamba pa wadirobu, ndipo pofuna kuzitsitsa ankakwera pasitulu uku akutukwana chamumtima.

Tsiku lina masana kunamveka chiphokoso kuseri kwa mpanda. Nkhuku zinkalira ngati zalowedwa ndi njoka. Patapita kanthawi pageti panaima aneba, bambo wofatsa amene ankaweta nkhuku zamazira ndipo anali asanakanganepo ndi munthu. Ndi dzanja limodzi anali atagwira Liwiro pakhosi. M'khwapa munali nkhuku yamoyo koma yopanda nthenga za kumchira.

"Sindinabwere ndi mkangano," anatero aneba. "Sanaphe ngakhale imodzi. Amangozithamangitsa. Koma zina zili pamwamba pa denga ndipo zikukana kutsika."

Mayi telala anagwira pakamwa. Manyazi anawagwira mpaka m'makutu. "Pepani, aneba, pepani ndithu. Walowera pati? Geti ndinatseka ndine."

"Wadumpha mpanda."

A Kochi anapita pampandapo. Anaima pafupi, anauyeza ndi chifuwa chawo, n'kubwerera m'mbuyo kuyang'ana pamene galuyo anayambira.

"Wadumpha apa?" anafunsa. "Osakhudza pamwamba?"

Mawu awo ndi amene anawagulitsa. Munalibe chisoni m'menemo, munali kunyada kokhakokha. Aneba anayang'ana mayi telala, mayi telala anayang'ana amuna awo, ndipo nkhuku ija inaphupha n'kuthawa.

"Bambo," anatero mayi telala motsitsa mawu, "lowani m'nyumba anthu asanadziwe kuti ndinakwatiwa ndi inu."

Mwezi unali usanathe, choncho a Kochi anachita chimene ankadziwa. M'mawa mwake anawonjezera mtunda. Akutsetsereka chitunda cha kuseri kwa msika, mphaka anadutsa msewu. Liwiro anakhota, njinga inakhota naye, koma a Kochi anapitirira kutsogolo okha. Amene anawabweretsa kunyumba ndi wometa uja, atadzera nawo kuchipatala, bondo litakulungidwa bandeji mpaka kuoneka ngati mtsamiro. Dokotala anati phazi lisagunde pansi kufikira atawalola. Liwiro anafika yekha patsogolo pawo, akukoka chingwe choduka, mchira uli m'mwamba.

Mayi telala anawakhazika amuna awo pasofa, anaika mwendo pakampando, anawapatsa madzi ndi mankhwala. Atatsimikiza kuti munthuyo safa, anatsegula pakamwa.

"Ndikufunseni, a Kochi. Zaka zonse zija ana asukulu munkawathamangitsa m'mawa uliwonse. Munkafuna kuti atope?"

"Ayi, kuti alimbe. Thupi ukaliwonjezera ntchito pang'onopang'ono limazolowera, ndiye mwana amatha kuthamanga mtunda wautali osa..."

Anaima pomwepo. Anayang'ana galu, amene anali atathamanga mtunda wonse uja koma pa nthawiyo ankalimbana ndi chopondera cha pakhomo.

"Malizitsani," anatero mayi telala. "Osatani?"

A Kochi anayamba kukonzakonza bandeji ya pabondo lawo.

"Pafupifupi mwezi wathunthu mwakhala mukundikonzera katswiri m'nyumba mwanga! Munatenga chiwanda chaching'ono n'kuchipatsa mapapo a hatchi. Nokha mwathyoka, iye akufunsa kuti tibwereza liti. Mayo ine, ndinalakwa chiyani?"

Anatenga foni n'kuimbira mwana wawo. Anamuuza kuti abwere ndi galimoto adzatenge mphatso yake. Mwanayo anati ali pantchito sabata yonse, angathe kubwera Loweruka.

"Loweruka," anatero mayi telala akuika foni pansi. "Ndipirira mpaka Loweruka. Osapitirira."

A Kochi sanatsutse. Analibe mwendo wotsutsira.

Masiku otsatirawo anali a chionetsero. Galu wozolowera chitunda anapezeka wopanda womuthamangitsa. Panja sakanamusiya chifukwa cha nkhuku za aneba. Atamutsekera m'bafa analira mpaka mumsewu anthu kuima, ndipo anadya theka la tsache. Atamutsegulira anathamanga kuchokera kukhitchini mpaka kuchipinda, kubwerera, kupitanso, ndipo ulendo uliwonse ankadumpha mwendo wa a Kochi ngati benchi la kubwalo. Bamboyo ankangotsinzina.

Mayi telala anali ndi mulu wa mayunifolomu ofunika kutha. Analibe nthawi yothamangitsana ndi galu, ndipo analibenso mtima wake. Anamugwira pakhosi, anafupikitsa chingwe, n'kuchimanga kumwendo wachitsulo wa makina, pafupi ndi phazi lawo.

"Ukhala pamene ndikukuona. Lira mpaka utope, ine ndinalera ana."

Liwiro anakoka. Makinawo anali akale, achitsulo chokhachokha, ndipo sanasunthe. Analira. Anauwa. Anadzigubuduza, anatafuna chingwe, anayang'ana a Kochi ndi maso odandaula.

"Mayi, mwina mungomumasula pang'ono azungulire nyumba..."

"Inu nokha muzungulire."

Sanamukalipire galuyo, sanamuyang'ane n'komwe. Anangopitiriza kuponda makina. Patapita nthawi yaitali phokoso linachepa. Liwiro anapuma mpweya wautali ngati munthu amene waluza mlandu, n'kugona pansi, chibwano pamapazi ake. Mayi telala anali akudya buledi ndi tiyi pamakina pomwepo. Mosaganiza anagwetsa kachidutswa.

"Ehe. Ukakhala choncho umaoneka ngati galu wa anthu."

Galuyo anadzuka msanga kufuna kena. Mayiyo anabwerera kunsalu yawo. Liwiro anadumpha, anakanda, palibe chimene chinagwa. Atagonanso, kachidutswa kena kanagwa.

Tsiku lotsatira nkhondo inali yomweyo, koma inatha msanga. Madzulo mayi telala ankatuluka naye pachingwe mpaka pakona kukagula ulusi. Sankathamanga, chifukwa iwo chithamangireni ndi kusukulu ya pulayimale. Galu akakoka, iwo ankangoima n'kumacheza ndi aliyense wodutsa mpaka chingwe chilefuke. Ulendo wa pakona pomwepo unkatenga nthawi yophikira nyemba. Liwiro ankanunkhiza mtengo uliwonse, mwala uliwonse, ndipo chodabwitsa n'chakuti pobwera ankagona kuposa mmene ankagonera akachoka kuchitunda.

Lachisanu m'mawa mayi telala atakhala pamakina, Liwiro anabwera yekha n'kudzigwetsa pafupi ndi mwendo wachitsulo uja, chingwe chisanamangidwe. A Kochi anaona. Anatsegula pakamwa.

"Musayerekeze," anatero akazi awo osatembenuka. "Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Mawa akupita."

Zinawakwiyitsa kwambiri mayiwo kuti galuyo wasankha kukhala bwino nthawi itatha kale. Masana ake Liwiro anaba sikelo ya m'khitchini n'kukaikwirira m'maluwa, ndipo mtima wawo unakhalako pansi.

Loweruka galimoto itangoima pageti, zonse za sabata ija zinauluka. Liwiro anadumpha pawindo lotsegula, anamulandira namwino ndi mapazi pachifuwa, anamugwetsera chikwama, n'kuthawa ndi mpango wake kuzungulira nyumba.

"Amayi! Kodi uyu ndi galu yemwe uja? Mwamudyetsa chiyani?"

"Funsa abambo ako. Tsegula chitseko chakumbuyo."

Atamugwira, mayi telala analowa m'nyumba kukatenga mbale yake ndi bulangete lake lodyekadyeka. A Kochi anali pasofa, ndodo ili pambali, akuyang'ana pawindo.

"Sindikukuletsani, mayi," anatero. "Ndalakwitsa ndine, ndipo ntchito yanu yavutika chifukwa cha ine. Koma ndinene chimodzi. Chichokereni kusukulu kuja palibe amene amandidikira m'mawa. Tsiku lotsanzikana anandiimbira m'manja, Lolemba lake anaika wina, basi. Ndikadutsa pabwalo ana sandidziwa. Galu uyu yekha ndi amene ndikamanga nsapato amasangalala. Zikundiwawa, mayi. Kuposa bondoli."

Mayi telala anaima mbale ili m'manja. Chisoni chinawagwira, ndipo chinawakwiyitsa kuti chawagwira.

"Mukanayamba ndi mawu amenewo mwezi watha, m'malo mwa sayansi," anatero, n'kutuluka.

M'galimoto Liwiro ananyambita magalasi onse ndi khutu la woyendetsa. Namwino anayesa kuyambitsa nkhani ya abambo ake, koma mayi ake anamuuza kuti ayang'ane msewu.

Mayi wosamalira agalu atawaona akutsika sanafunse chilichonse. Anangopukusa mutu n'kukatenga makiyi.

"Wakula bwino," anatero. "Bwerani naye. Khola lake lija muli tiana tatsopano, ndiye apita kumbuyo kwa akuluakulu."

Kumbuyoko kunali mzere wa makola a simenti. Alendo sankafika kumeneko. M'khola lina galu wamkulu ankazungulira malo amodzi osaima, mpaka pansi panali patachita kanjira. Wina ankangoyang'ana khoma. Phokoso la kuuwa linali logonthetsa m'kutu.

Liwiro anasiya kukoka. Mchira unalowa pakati pa miyendo. Mayi wosamalira agalu atatsegula chitseko cha waya, galuyo anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda miyendo ya mayi telala. Kenako anachita chinthu chokhacho chimene anali ataphunzira kwa iwo. Anagona pansi, chibwano pamapazi, n'kuwayang'ana m'maso kudikira.

"Taonani mfiti iyi," anatero mayi telala. "Taonani! Kunyumba wandidyera diresi, tepi, tsache, wandithyolera mwamuna. Lero pano ndiye akudziwa ulemu."

"Mpatseni chingwecho mayiyo, amayi," anatero namwino chapansipansi.

"Usandiuze zochita. Zonsezi unayambitsa ndiwe."

Mayi telala anakulunga chingwe kudzanja. Anayang'ananso galu wozungulirazungulira uja. Kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, mokwiya ngati akuthamangitsa ntchentche.

"Tsekani khola lanulo, mayi. Tiye, Chiwanda. Iwe, kayatse galimoto ndisanasinthe maganizo."

A Kochi anamva galimoto ikuima, kenako zikhadabo pasimenti. Asanagwire ndodo galu anali kale pachifuwa pawo, ndipo anaponda bondo lomwelo. Anakuwa ndi ululu uku akuseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Musasekerere," anatero akazi awo ataima pakhomo. "Galu uyu kuyambira lero ndi wanga. Njinga ibwerera m'stolo. Mabenchi a kubwalo ndi okhalapo anthu. Mukachira muziyenda naye, ndati kuyenda, ndipo akafuna kununkhiza mtengo muziima mpaka amalize. Mpanda wa aneba muukweza. Ndipo nonse awiri muphunzira kukhala pansi."

"Ngakhale kamodzi pasabata, mayi? Kamtunda kakafupi, kuti thupi lisa..."

"Galimoto sinazime, bambo. Malo akumbuyo aja ndaona kuti alipo ambiri."

A Kochi anamukumbatira galuyo mwamphamvu.

Liwiro sanasanduke mngelo. Sabata yotsatira anadya choko cholembera nsalu n'kuyenda ndi milomo yabuluu tsiku lonse. Makasitomala ena ankayambabe afunsa ali kunja kwa geti ngati wamangidwa. Mayi telala ankadandaula kwa aliyense wofuna kumva kuti anadzipalira okha makala pamutu, ndipo kuti munthu wanzeru akanatenga wofiirira uja.

M'mawa wina anatulutsa makina pakhonde chifukwa m'nyumba munali mdima wa mitambo. A Kochi anakhala pampando pafupi nawo, mwendo uli pakampando, galu ali pansi pakati pawo. Mumsewu munamveka mapazi ambiri. Linali gulu la anthu othamanga m'mawa, amuna ndi akazi, ndipo kutsogolo kwawo kunali wina wowalimbikitsa mokuwa. Ankathamanga molakwika, zidendene zikumenya pansi, mikono ili balala.

Makutu a Liwiro anaima. Ananyamuka, thupi likunjenjemera. A Kochi nawonso anali atagwira kale ndodo, atadzuka theka, pakamwa patatseguka kuti awauze anthuwo za mikono.

"Khalani pansi," anatero mayi telala osachotsa maso pansingano.

Galu ndi amene anayamba kumvera. A Kochi anatsalira pang'ono, akuyang'ana gululo mpaka linakhota pakona. Kenako anabwerera pampando pang'onopang'ono, anatsamiritsa ndodo kukhoma, n'kuika dzanja pakhosi pa Liwiro.

Mayi telala ananyema buledi wawo pawiri. Chidutswa china anagwetsa pansi, china anapatsira amuna awo, n'kupitiriza kusoka.